Kutsutsa Mtsogoleri wa Dziko Pagulu: Mafunso ndi Mayankho pa za Ulemu pa Ndale

Nthawi zonse wandale akatsutsana ndi Pulezidenti pamaso pa anthu, kaya m'Nyumba ya Malamulo, pansanja ya msonkhano kapena pa wailesi, pamabuka mkangano wina wosakhudza n'komwe nkhani imene amakanganirana. Ena amati wandaleyo wasowa mwambo, pomwe ena amati walankhula zimene anthu ambiri amaopa kulankhula. Mafunso ali m'munsimuwa ndi amene amabwerabwera pa mikangano yotere m'dziko la Malawi.

Kodi n'kulakwa kuti wandale atsutse Pulezidenti pagulu?

Ayi. Malamulo oyendetsera dziko lino, omwe adayamba kugwira ntchito mu 1994, amapatsa munthu aliyense ufulu wokhala ndi maganizo ake m'gawo 34 ndi ufulu wowalankhula m'gawo 35, ndipo palibe pamene adalemba kuti ufuluwu umatha nkhani ikakhudza mtsogoleri wa dziko. Gawo 12 limanena kuti mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu, ndi kuti amene azilandira amangozisunga mokhulupiriridwa. Munthu amene wasungitsidwa katundu wa eni sangadabwe eniakewo, kapena owaimira, akamufunsa momwe akusamalira katunduyo.

Kwa aphungu a mbali yotsutsa boma, kutsutsa ndiyo ntchito imene amalandirira malipiro. Choncho chimene chiyenera kukambidwa ndi katsutsidwe kake, malo ake, ndi udindo wa amene akutsutsayo.

Nanga kudzudzula kumasiyana bwanji ndi kunyoza?

Kudzudzula kumaloza chimene mtsogoleri wachita kapena walephera kuchita, ndipo kumasiya mpata woti ayankhe. Wandale akanena kuti feteleza wotsika mtengo wafika mochedwa mvula itagwa kale, kapena kuti mafuta a galimoto akusowa chifukwa boma silidasamale ndalama zakunja, Pulezidenti kapena nduna yake angathe kubwera ndi ziwerengero n'kutsutsa. Kunyoza kumaloza munthuyo: msinkhu wake, matenda ake, mtundu wake, kwawo, mkazi wake, kalankhulidwe kake. Palibe yankho limene lingaperekedwe pa zimenezi kupatula kubwezera chipongwe.

Pali mawu ena amene amakhala pakati. Kunena kuti mtsogoleri wanama n'kolemera kwambiri, koma ngati wolankhulayo aonetsa lonjezo limene lidaperekedwa, tsiku lake, ndi zimene zidachitika pambuyo pake, ndiye kuti akudzudzulabe. Nkhani ya thanzi nayo n'chimodzimodzi. Kufunsa ngati mtsogoleri akadali ndi mphamvu zogwirira ntchito n'koyenera, pakuti malamulo a dziko amanenapo za Pulezidenti amene walephera ntchito chifukwa cha matenda, koma kuseka kuyenda kwake kapena kumufunira imfa ndi nkhanza chabe.

Kodi chikhalidwe chathu sichiletsa kutsutsa wamkulu pamaso pa anthu?

Funso ili ndi limene limafunsidwa kwambiri, ndipo amene amalifunsa ali ndi mfundo. N'zoona kuti kumudzi mfumu ikalakwitsa pa mlandu, nduna zake sizimaidzudzula pabwalo pomwepo. Zimapempha kuti zikaonane kaye kuseri, zimaiunikira, ndipo chigamulo chimatuluka m'kamwa mwa mfumu ngati kuti n'chake chokha. Mwambo umenewu umateteza mpando, ndipo uli ndi nzeru zake.

Koma amene amaima pamenepa amaiwala mbali ina ya mwambo womwewo. Mfumu imasankhidwa ndi akuluakulu a mbumba, ndipo pa tsiku loilonga imalangizidwa mosabisa mawu za kuipa kwa dyera, kukondera ndi kupsa mtima. Mfumu yosamva ankaithawa anthu n'kukamanga mudzi wawo kwina. Amayi ankatulutsa madandaulo awo m'nyimbo za pamtondo, mudzi wonse ukumva, ndipo Gule Wamkulu ali ndi zilombo zimene ntchito yake n'kuseka makhalidwe oipa, ngakhale a anthu audindo. Makolo omwewo amene adati mawu a akuluakulu akoma akagonera ndi amenenso adati wakutsina khutu ndi mnansi. Adatinso akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, kutanthauza kuti ukulu umaoneka pa kupirira zotentha zimene anthu akubweretsera.

Pamwamba pa izi, kulangiza kuseri kumatheka pamene wolangizayo ali ndi khomo lolowera. Nduna ya mfumu imadya ndi mfumu. Phungu wa mbali yotsutsa wochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje sangagogode ku nyumba ya boma ya Kamuzu Palace usiku kuti akatsine khutu Pulezidenti, ndipo anthu amene adamutuma ayenera kumva kuti uthenga wawo wafika. Bwalo lake ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo bwalo limenelo ndi lapoyera.

Kodi pali mawu a Chichewa amene amasonyeza msanga kuti wolankhula wataya ulemu?

Alipo, ndipo chinenero chathu sichibisa. M'Nyumba ya Malamulo zokambirana zimachitika m'Chingerezi, chomwe chili ndi liwu limodzi lokha loitanira mwana ndi gogo yemwe. Pansanja ya msonkhano zinthu zimasintha, chifukwa wolankhula ayenera kusankha pakati pa “inu” ndi “iwe”, pakati pa “iwo” ndi “iye”, pakati pa “amenewa” ndi “ameneyu”. Kungochotsa “a” patsogolo pa dzina la mtsogoleri n'kokwanira kuti khamu lidziwe kuti nkhondo yayamba. Kuika “ka” kapena “chi” patsogolo, monga kunena kuti kamunthu kapena chimunthu, ndiye kutukwana kwenikweni ngakhale palibe liwu lolaula limene latchulidwa.

Chosangalatsa n'chakuti mawu aulemu salepheretsa kudzudzula kowawa. Munthu angathe kunena kuti, “Bwana, pa nkhani ya chimanga mwatilakwira, ndipo anthu kwathu akugona ndi njala chifukwa cha chiganizo chanu,” ndipo palibe amene angamuloze chala, chonsecho mawuwo alasa. Kawirikawiri mawu otere amapweteka kuposa chipongwe, popeza otsatira mtsogoleriyo amasowa pothawira. Wotukwana amawapatsa mwayi wokamba za kutukwanako n'kuiwalitsa za chimanga.

N'chifukwa chiyani anthu ena amakayikira akamva andale olamula akupempha ulemu?

Chifukwa cha mbiri. Dziko litangolandira ufulu pa 6 July 1964, nduna zingapo zidasemphana maganizo ndi Dr Hastings Kamuzu Banda pa nkhani zenizeni za boma: ndalama ya tiki imene odwala ankayenera kulipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kopereka maudindo akuluakulu kwa Amalawi, ndi ubale wa dziko lino ndi Portugal komanso South Africa. Zidadandaulanso kuti Kamuzu ankazitchula kuti anyamata ake pamisonkhano. Ndunazi zidayamba ndi njira ya kuseri, kukambirana naye m'chipinda. Pa 7 September 1964 Kamuzu adachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Masauko Chipembere adatula pansi maudindo awo. Pa zokambirana za aphungu ku Zomba zimene zidatsatira, nkhani idachoka pa tiki n'kupita pa kukhulupirika. Ambiri mwa iwo adathawira kunja, ndipo Orton Chirwa adamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992.

Kuyambira pamenepo ngodya zinayi za chipani cha Kamuzu cha MCP, zomwe ndi umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, zidakhala muyeso wa wandale wabwino, ndipo kufunsa funso kudasanduka kupanda mwambo. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, zidapezeka zitafa ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma lidati idali ngozi ya galimoto, koma bungwe lofufuza limene lidakhazikitsidwa ulamuliro wa zipani zambiri utabwera lidapeza kuti anthuwa adachita kuphedwa. Ngakhale kalata ya maepiskopi a Katolika imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, yomwe idalembedwa ndi mawu ofatsa kwambiri, boma lidaitcha youkira.

Munthu amene adakhala m'nthawi imeneyo akamva wolamula akuti “tiyeni tizilemekeza atsogoleri”, ali ndi chifukwa chofunsira ngati akupemphedwa kusankha bwino mawu kapena kutseka pakamwa.

Kodi m'Nyumba ya Malamulo muli malamulo otani pa kalankhulidwe?

Nyumbayi ili ndi malamulo akeake oyendetsera zokambirana, ndipo ambiri adatengera mwambo wa nyumba ya malamulo ya ku Britain. Phungu salankhula kwa mnzake mwachindunji koma kudzera kwa Sipikala, ndipo mnzakeyo amamutchula kuti wolemekezeka wa dera lakutilakuti. Cholinga chake n'kuika munthu wachitatu pakati pa anthu awiri okwiya. Phungu akagwiritsa ntchito mawu osayenera, Sipikala amamulamula kuti awabweze, ndipo akakana angathe kutulutsidwa m'nyumbamo.

Gawo 60 la malamulo a dziko limateteza phungu kuti asazengedwe mlandu kubwalo lililonse chifukwa cha zimene walankhula pa zokambirana za m'nyumbamo. Chitetezo chimenechi n'chachikulu, ndipo n'chifukwa chake nyumbayo iyenera kudzisungira yokha mwambo: munthu amene waipitsidwa dzina m'menemo alibe kokasuma. Chitetezochi chimathera pakhomo. Phungu akabwereza mawu omwewo kwa atolankhani panja kapena pa Facebook, amakhala ngati nzika ina iliyonse.

Pulezidenti akabwera kudzalankhula ku Nyumba ya Malamulo, kodi n'kololedwa kumukuwiza kapena kutuluka?

Kutuluka mwakachetechete kapena kunyanyala ndi njira yodziwika yosonyezera kusakondwa, ndipo zipani za MCP ndi AFORD zidanyanyalapo zokambirana kwa miyezi ingapo kuyambira mu 1996. Njirayi ili ndi mtengo wake, pakuti amene watuluka wasiya mpando wa anthu a dera lake wopanda mwini. Kukuwiza kuti wolankhula asamveke n'kosiyana, chifukwa kumalanda aphungu ena ndi omvera pa wailesi mwayi womva zimene iwo eni akufuna kudzaziweruza. Maiko enanso amakuona choncho: mu September 2009 phungu wa ku America, Joe Wilson, adakuwa kuti Barack Obama akunama ali mkati molankhula, ndipo adapepesa tsiku lomwelo, kenako nyumba yawo idamudzudzula mwalamulo.

Nthawi yoyankha ilipo. Mtsogoleri wa mbali yotsutsa boma amapatsidwa mpata woyankha zimene Pulezidenti wanena, ndipo gawo 89 limati Pulezidenti aziitanidwa kukayankha mafunso a aphungu. Kwa zaka zambiri gawo limeneli lidangokhala papepala, mpaka Lazarus Chakwera adakaonekera pamaso pa aphungu mu September 2020. Atsogoleri akamazemba mafunso, phokoso la pa tsiku limodzi limene amaonekera limakula.

Kuti zokambirana zingatenthe mpaka pati tidaona mu June 2005, pamene Sipikala Rodwell Munyenyembe adakomoka ali pampando mkangano wokhudza kuchotsa Bingu wa Mutharika uli mkati, ndipo adamwalira patapita masiku ochepa ku South Africa.

Nanga nduna ya boma ingatsutse Pulezidenti amene adaisankha?

Apa zinthu n'zosiyana ndi za phungu wamba. Nduna ili ndi khomo lija tatchula pa funso la chikhalidwe: imakhala m'msonkhano wa nduna, momwe ingatsutse momasuka, ndipo imalumbira kusunga chinsinsi cha zokambidwa m'menemo. Mwambo wa maboma otere umati chiganizo chikamangidwa, nduna zonse zimachisenza pamodzi. Imene chikumbumtima chake sichikulola ili ndi njira yolemekezeka, yomwe ndi kutula pansi udindo n'kufotokozera mtundu chifukwa chake. Chakufwa Chihana adachita zimenezi mu 1996 pamene adasiya udindo wa wachiwiri kwa wachiwiri wa Pulezidenti Bakili Muluzi, akudandaula za katangale m'boma. Ku Britain, Robin Cook adatula pansi unduna mu March 2003 pokana nkhondo ya ku Iraq, ndipo adafotokoza zifukwa zake kwa aphungu popanda kunyoza Tony Blair.

Chimene chimaipa, ndipo kwathu kuno n'chofala, ndi nduna imene imaombera m'manja masana n'kumatumiza zinsinsi kwa atolankhani usiku, kapena imene imakumbukira zolakwa za boma pa tsiku limene yachotsedwa ntchito. Zimene ikunenazo zingakhale zoona, koma anthu ali ndi ufulu woifunsa kumene idali nthawi yonseyi.

Kodi wachiwiri kwa Pulezidenti naye ayenera kutula pansi udindo akasemphana ndi bwana wake?

Malamulo samukakamiza. Iye amasankhidwa ndi anthu pa chikalata chimodzi ndi Pulezidenti, ndipo sangachotsedwe ngati nduna koma kudzera m'ndondomeko ya aphungu yomwe ili m'gawo 86. N'chifukwa chake dziko lino laona kangapo anthu awiri osalankhulana ali pamwamba pa boma limodzi. Mu 2006 boma la Bingu lidalengeza kuti Cassim Chilumpha wadzichotsa yekha pa udindo, nkhani idapita kukhoti, kenako adamangidwa pa mlandu woukira boma. Joyce Banda adachotsedwa m'chipani cha DPP mu December 2010, adayambitsa People's Party, ndipo adanyozedwa poyera kuti ndi wogulitsa mandasi chabe. Bingu atamwalira pa 5 April 2012, mayi yemweyo adalumbira kukhala Pulezidenti pa 7 April, ndipo ambiri mwa amene ankamunyoza adathamangira kwa iye. Saulos Chilima adatuluka m'chipani cha DPP mu June 2018, nayambitsa UTM, koma adakhalabe wachiwiri kwa Peter Mutharika mpaka chisankho cha 2019.

Pa nkhani ya ulemu, wachiwiri wotere ali pamalo ovuta kuposa wina aliyense, chifukwa akudzudzula boma limene likumulipira. Maganizo athu ndi akuti angathe kutero bola anene momveka kuti akulankhula ngati mtsogoleri wa chipani chake, ndipo asagwiritse ntchito zinsinsi za ofesi ngati zida za kampeni. Boma nalo lisamulande chitetezo ndi zoyenera za udindo wake pofuna kumulanga, pakuti zimenezo n'za ofesi imene anthu adamupatsa.

Phungu wa chipani cholamula akatsutsa Pulezidenti, kodi sataya mpando wake potsata gawo 65?

Ayi. Gawo 65 limakhudza phungu amene wachoka mwakufuna kwake m'chipani chimene adasankhidwira kapena walowa china. Gawo lomwelo limanena kuti phungu aliyense ali ndi ufulu wonse wovota monga akuonera, ndipo mpando wake sungalandidwe chifukwa chongovota mosemphana ndi chipani chake. Kufunika kwa ufulu umenewu kudaoneka mu July 2002, pamene bilu yofuna kuchotsa malire a nthawi imene Pulezidenti angalamulire idalephera ndi mavoti atatu okha, ndipo poyesanso mu January 2003 zidakanika chifukwa ena a m'chipani cholamula cha UDF sadagwirizane nazo. Chipani chingathe kulanga phungu wotere mwa njira zake, monga kusamuimika pa chisankho chotsatira, koma chimenecho n'chilango cha ndale.

Kodi munthu angamangidwe chifukwa chonyoza Pulezidenti?

Kwa zaka zambiri yankho lidali inde mosakayikira. Lamulo la 1967 loteteza mbendera, zizindikiro ndi maina a boma lidaika kunyoza Pulezidenti pa mndandanda wa milandu, ndipo padalinso mlandu wolankhula zodzetsa chidani pa boma, umene Chihana adamangidwa nawo atabwerera m'dziko muno mu April 1992. Mu November 2022 aphungu adachotsa mlandu wachiwiriwu m'malamulo a milandu, ndipo mu July 2025 bwalo lalikulu lidagamula kuti kuzenga munthu mlandu wa upandu chifukwa choipitsa dzina la wina n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Ku Zambia, lamulo loletsa kuipitsa dzina la Pulezidenti lidachotsedwa mu December 2022.

Izi sizitanthauza kuti chilichonse n'chololedwa. Kuopseza munthu, kumemeza anthu kuti achite ziwawa, ndi kudzetsa udani pakati pa mitundu ndi milandu ndithu, ndipo woipitsidwa dzina angathe kukasuma kuti alipidwe. Lamulo la 2016 lokhudza mauthenga a pa intaneti lagwiritsidwanso ntchito pomanga anthu chifukwa cha zimene adalemba pa masamba a mchezo, zimene mabungwe a atolankhani akhala akudandaula nazo. Komabe tisasokoneze zinthu ziwiri: kuti mawu ndi amwano ndi nkhani imene ovota, zipani ndi Sipikala angaweruze, ndipo sikuti nthawi zonse pakufunika apolisi.

Bwanji ngati mtsogoleri wa dziko ndi amene wayamba kutukwana?

Zimachitika, ndipo nsanja za misonkhano ya ndale m'dziko muno zamvapo atsogoleri a zipani zosiyanasiyana akutcha owatsutsa maina achipongwe, khamu likuseka. Mawu a Pulezidenti amalemera kuposa a wina aliyense chifukwa kumbuyo kwake kuli apolisi, wailesi ya boma ndi achinyamata a chipani amene amamva chipongwe ngati chilolezo. Gawo 91 limamutetezanso ku milandu yambiri akadali pampando, choncho wonyozedwa ndi iye alibe kwenikweni kodandaula. Amene ali ndi chitetezo chotere ndiye woyenera kuyamba kudziletsa.

Wotsutsa akabwezera, anthu amangoona akuluakulu awiri akutukwanizana, ndipo mwayi wake woonetsa kusiyana umatayika. Tili nazo zitsanzo za atsogoleri amene adasankha mawu abwino pa nthawi yowawitsa: Kamuzu adavomera pa wailesi kuti wagonja kwa Muluzi mu May 1994, ndipo Chakwera adavomera kugonja kwa Peter Mutharika mu September 2025 zotsatira zisanalengezedwe.

Kodi pali malo amene wandale sayenera kutsutsirapo mtsogoleri ngakhale ali ndi mfundo?

Malamulo satchula malo otere, koma anthu amawadziwa. Pamaliro eni ake ndi ofedwa, ndipo wandale amene wapatsidwa mpata wopepesa n'kuusandutsa msonkhano wawabera tsiku lawo, kaya ndi wa boma kapena wotsutsa. Chimodzimodzi m'nyumba zopemphereramo ndi pa miyambo ya mafumu monga Kulamba, Umthetho kapena Mulhako wa Alhomwe, kumene Pulezidenti ndi omutsutsa onse ndi alendo a eni mwambo. Kupatsana moni pamalo otere si kugonja, ngakhale otsatira ena amakutanthauzira choncho chithunzi chikatuluka m'nyuzipepala.

Pamiyambo yotere palinso dongosolo la boma, monga kuimirira mtsogoleri akamalowa ndi kupatukira mdipiti wa galimoto zake, ndipo n'koyenera kulitsata chifukwa limalemekeza ofesi, osati munthu. Koma kuphwanya dongosolo kuli ndi kukula kwake, ndipo chilango chisapose cholakwa. Mu April 2017 Hakainde Hichilema, yemwe panthawiyo ankatsogolera chipani chotsutsa ku Zambia, adamangidwa pa mlandu woukira boma chifukwa galimoto zake sizidapatukire mdipiti wa Edgar Lungu popita ku mwambo wa Kuomboka kufupi ndi Mongu. Adakhala m'ndende pafupifupi miyezi inayi mlanduwo usanathetsedwe mu August chaka chomwecho, ndipo mu 2021 adagonjetsa Lungu pa chisankho.